Hosi yakale ya ku Joni: ndione chiyani ndisanapereke ndalama?

Zalewa_Turnoff
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndakhala ndikuyendetsa lole ya matani 10 pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, tsopano ndikufuna ndigule hosi yoti izikoka ngolo kupita ku Beira. Pali bwana wina wandilonjeza feteleza wonyamula pobwerera, ndipo popita, nyengo ya fodya, katundu sasowa. Ndaona Freightliner Argosy ya 2012 pa Facebook, ili ku Boksburg, injini ya Cummins ISX, giya ya manja, makilomita akuti 680,000, mtengo R430,000. Pazithunzi ikuwala zedi. Wogulitsa akuti nditumize R50,000 kuti andisungire chifukwa pali anthu a ku Zimbabwe amene akuifunanso. Mlamu wanga amene ali ku UK akuti ndisiye zonsezi, andipezera Scania ya 2016 kumeneko. Mutu wazungulira. Amene munagulapo, munayang'ana chiyani?

Kanengo_Boy
Musatumize ngakhale rand imodzi. Ndatha ine.

Mai_Transporter
Achimwene, anthu a ku Zimbabwe amenewo amakhala m'kamwa mwa wogulitsa aliyense. Mawa akakhala akulankhula ndi wa ku Harare adzamuuza kuti pali Mmalawi amene akubwera ndi ndalama m'manja. Chithunzi munthu amatha kujambula pa yadi ya eni ake n'kuika nambala yake ya foni. Ngati ali ndi thirakiyo, muuzeni akuimbireni pa vidiyo ataima pambali pake, akuonetseni nambala ya chassis pa chitsulo penipeni, osati pa pepala. Akayamba kunena za netiweki, mwadziwa.

Sipanala17
Ine ndine makaniko, ndiyambe ndi masamu tisanafike pa zitsulo. Hosi ya 2012 yokhala ndi makilomita 680,000 ndiye kuti imayenda pang'ono kuposa 50,000 pachaka. Argosy ku Joni anthu sankaigulira kuti izikatenga buledi. Inkathamanga Johannesburg mpaka Durban kapena Cape Town sabata ndi sabata, ndipo ntchito yotere imapyola 100,000 pachaka mosavuta. Ndiye nambala imeneyo ndikuikayikira ndisanaione n'komwe.

Wotchi yowerenga makilomita ya pa dashibodi aliyense akhoza kuibweza kapena kuisintha. Kompyuta ya injini ndi imene imasunga zoona: maola amene injini yalira, makilomita, dizilo yense amene yamwa chiyambire, ndi zolakwika zimene zinayatsapo nyali. Lipirani munthu wanu, osati wa wogulitsa, abwere ndi laputopu alumikize. Mukapeza maola, gawani makilomita a pa wotchi ndi maolawo. Hosi ya maulendo ataliatali imatuluka pa 45, 50, mwina 60 pa ola. Ikatuluka 20, pali ziwiri: wotchi inabwezedwa, kapena thirakiyo inathera moyo wake ikulira itaima kapena ikukwawa m'migodi. Zonse ziwiri si nkhani yabwino.

Zalewa_Turnoff
@Sipanala17 zikomo akulu. Nanga wogulitsa akakana kuti tilumikize laputopu?

Sipanala17
Mutsanzike mwaulemu. Ku Boksburg, Germiston ndi Kempton Park mayadi a mathiraki ndi osayamba.

Nyasa_Leeds
Ine ndigwirizane ndi alamu anuwo. Ndimayendetsa mathiraki konkuno ku UK. Thiraki ya kuno imayesedwa ndi boma chaka chilichonse, ndipo zotsatira zake mumaziona pa intaneti mukangolemba nambala yake. Makampani amaiyendera pakapita masabata angapo, kawirikawiri asanu ndi limodzi, n'kusunga mapepala. Liwiro lake limamangidwa pa 90. Misewu ndi yosalala. Scania ya 2016 yochokera kuno mungaiyerekeze ndi Argosy imene yadutsa m'manja mwa anthu anayi? Chiwongolero chilinso kumanja ngati kwathu.

Tete_Run
@Nyasa_Leeds misewu yosalalayo ndiye vuto lake. Inu simunadutse pa Zobue posachedwa eti?

Nyasa_Leeds
Maenje sasankha thiraki, bwana.

Tete_Run
Amasankha. Hosi zambiri za ku UK ndi 6x2. Kumbuyo kuli ma axle awiri inde, koma yokoka ndi imodzi, inayo ndi yongonyamula, imakwezedwa m'mwamba. Lowani nayo m'depoti ya matope ku Beira mu Januwale mutanyamula feteleza, matayala azingozungulira pamalo amodzi. 6x4 imakoka ndi ma axle onse awiri ndipo ili ndi diff lock, yomanga matayala kuti azikoka limodzi. Chinanso, yakumeneko anaipangira matani 44, pamene kuno ku SADC malire ndi 56. Matanki ake ndi aang'ono chifukwa kumeneko pomwetsera mafuta pali paliponse. Ife timafuna thanki yoti ukamwetsa ku Beira usaganizenso za dizilo mpaka utafika.

Sipanala17
A Tete_Run anena za miyendo, ine ndiwonjezere za m'mimba. Scania ya 2016 ya ku UK ndi Euro 6, muyezo wa ku Ulaya wochepetsa utsi. Ili ndi AdBlue, madzi a mankhwala oyeretsa utsi, ili ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, ili ndi masensa ambirimbiri. Injini imeneyo anaipangira dizilo wa sulufule wochepa kwambiri, 10 ppm. Dizilo wa m'njira zathu, makamaka wa m'zigubu amene madalaivala amagula mafuta akasowa, amaitsamwitsa. Sensa imodzi ikadandaula, kompyuta imadula mphamvu, thiraki n'kumayenda pang'onopang'ono itasenza katundu wa eni. Anthu amachotsa zonsezo n'kusintha pulogalamu ya kompyuta, ndikudziwa. Wina akachita bwino imayenda, wina akachita mwachidule injini imatentha. Ndiye mukamawerengera mtengo muikemo ndi zimenezo.

Sindikunyoza Scania ayi. Ndi thiraki yabwino, imamwa mafuta mosamala kuposa Argosy, ndipo dalaivala safika msana ukuwawa. Koma ngati mukufuna ya ku UK funani ya muyezo wakale wa Euro 5, ndipo mukaione kunsi. Nyengo yozizira amathira mchere m'misewu, dzimbiri limadya chassis, mapaipi a mpweya ndi mawaya.

Nyasa_Leeds
Za mcherezo n'zoona. Koma musaiwale kuti Argosy anasiya kupanga mu 2020. Zitseko, magalasi ndi nyali zake muzizipeza kuti zaka zikubwerazi?

Kanengo_Boy
Ku sikirapu. Argosy zakufa zadzaza kuyambira Durban mpaka Lubumbashi.

Madala_wa_N14
Ana inu mukukangana za dzina lolembedwa pamphuno. Ine ndinayamba ntchito imeneyi injini zikadali N14 ndi Detroit Series 60. Funso langa kwa a Zalewa ndi limodzi: ikafa usiku pakati pa Changara ndi Guro, ndani adzabwera, ndipo adzabwera ndi chiyani? Cummins makaniko wa ku Tete amaidziwa, wa ku Chimoio amaidziwa, wa ku Ndirande amaidziwa. Giyabokisi ya manja ya Eaton Fuller munthu amaimasula pansi pa mtengo. Giya yodzisintha yokha ikakana, mudikira munthu wa laputopu kuchokera ku Blantyre, ndipo aliyense amene wadikirapo m'mbali mwa msewu umenewo akudziwa kuti alonda a katundu amafuna ndalama tsiku lililonse. Gulani thiraki imene zipangizo zake zili pa njira imene mudzayende.

Mai_Transporter
Madala anena zoona, koma ndiwatsutse pang'ono. Zanga ziwiri ndi Volvo FH za I-Shift, giya yodzisintha yokha, ndipo sindinong'oneza bondo. Giya ya manja imafuna dalaivala wodziwa. Anyamata ambiri a masiku ano Fuller ya magiya 18 amaikukuta mpaka mano a giya kutha, klatchi n'kupsa chaka chisanathe. Yodzisintha yokha imateteza thiraki kwa dalaivala. Inu madala munkayendetsa nokha thiraki yanu, a Zalewa alemba munthu.

Madala_wa_N14
Mayi, ndiye alembe dalaivala, asalembe munthu wongokhala ndi laisensi.

Dalaivala_Code14
Taonani, zafikanso pa ife. Chilichonse chikafa ndi dalaivala. Bwana amagula chitsulo chotopa kale, matayala ofufuta, mabuleki opanda kanthu, kenako akuti dalaivala wandiphera thiraki.

Kanengo_Boy
Nanga dizilo amene mumapopa pa Moatize uja amapopa ndi bwana?

Dalaivala_Code14
Si tonse. Koma tiyeni tilankhule chilungamo. Munthu umapatsidwa ndalama ya m'njira yowerengera kuti ukangofika ukweza n'kubwerera. Ukafika ku doko umapeza mzere, mapepala sanatuluke, umakhala masabata. Pa boda zomwezo. Ukamuimbira bwana foni akuti pirira. Ana kunyumba akudya kupirirako? Wonjezerani alawansi muone ngati thanki izidontha.

Mai_Transporter
Mbali zonse ziwiri zilipo. Ine ndinaika tracker ndi sensa ya thanki, ndipo dalaivala akapulumutsa mafuta timagawana. Mkangano unachepa. Koma wina ndinamuchotsa ntchito chifukwa ankanyamula matumba a makala ndi anthu m'njira, thiraki yanga isanduke minibasi.

Tete_Run
Makalawo ndiye amatilipiritsa pa sikelo ya Mwanza. Bwana wakweza mpaka pa malire, dalaivala wawonjezera zake pamwamba.

Admin_Gulu
Abale, nkhani ya alawansi ili ndi mutu wakewake, kaipitirizeni kumeneko. A Zalewa afunsa za kuyendera hosi asanagule.

Sipanala17
Zikomo a Admin. Tiyerekeze kuti mwafika pa yadi. Muwauziretu dzulo lake kuti asailize. Mukafika m'mawa, musanachite chilichonse gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, aitenthetsa dala chifukwa ikazizira imavuta kulira kapena imatulutsa utsi. Bwererani mawa.

Ikadali yozizira, tsegulani pothirira madzi. Madzi akhale a mtundu wa coolant, osati a dzimbiri, ndipo pasayandame oyilo. Sololani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo wakuda mu dizilo si vuto, vuto ndi oyilo wotuwa wosakanikirana ndi madzi, kapena wonunkha dizilo, kapena wochuluka kupyola mzere. Ndipo oyilo watsopano mbee pa thiraki imene yaima pa yadi nthawi yaitali mundifunsire chifukwa chimene amusinthira dzulo.

Tsopano ilizeni inu mutaima kumbuyo. Kautsi pang'ono poyamba n'kabwinobwino. Utsi woyera wosatha ndi madzi akulowa mu silinda kapena injector yodontha. Wobiriwira motuwa ndi oyilo akupsa, kaya ma ring kaya turbo. Wakuda ndi dizilo wosapsa bwino, nthawi zina ndi sefa ya mpweya chabe, nthawi zina ndi ndalama zambiri. Ikatentha, masulani chitsekerero chothirira oyilo muchikhazike pamenepo osamanga. Chikamavina n'kugwa, utsi ukufuka ngati wa m'khitchini, mpweya ukudutsa ma piston ndipo injiniyo yatsala pang'ono kufuna kumasulidwa. Onaninso kapaipi kopumira ka pansi. Kenako yang'anani m'botolo la madzi ngati mukutuluka thovu injini ikulira. Thovu ndi gasket, kapena head yosweka, kapena liner. Pa ISX zimenezi si zoseka nazo.

Chomaliza pa injini: tengani oyilo pang'ono m'kabotolo mukayezetse ku labu. Ku Joni malabu otere alipo, ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi injini. Amakuuzani ngati muli chitsulo, mkuwa, fumbi kapena madzi. Maso sangaone zimenezo.

Zalewa_Turnoff
Ndikukopera zonsezi m'kabuku. Nanga kunsi?

Welder_Biwi
Kunsiko ndi kwanga. Valani ovolosi, tengani tochi, gonani pansi. Musatume munthu. Yang'anani chassis kuyambira kuseri kwa kabu mpaka kumapeto, makamaka pamene pakhala fifth wheel, chitsulo chokolekapo ngolo, ndi pamene amangirira masipuling'i. Chassis ya thiraki siyenera kuwotcheredwa mwachisawawa, pambali pake opanga amalembapo chenjezo. Mukaona chigamba cha chitsulo, kapena penti yakuda yatsopano pamalo amodzi pokha, palani ndi sikuludiraiva. Ndimalandira mathiraki opakidwa bwino kwambiri amene mng'alu wake anaubisa ndi phula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Imani patsogolo chapatali muone ngati kabu yakhala mowongoka, kenako kumbuyo muone ngati ma axle akutsatana. Thiraki imene inagubuduzikapo imayenda chammbali ndipo imadya matayala mpaka kukusaukitsani. Matayala omwewo ndi mboni: akadyeka mbali imodzi kapena modumphadumpha, pali chimene chapindika kapena ma bush atha.

Fifth wheel musaiiwale. Pemphani akoleke ngolo, mumange mabuleki a ngolo, dalaivala agwedeze hosi kutsogolo ndi kumbuyo inu mukuyang'ana. Ikamagogoda, nsagwada zake zatha. Ngolo kuthawa hosi pa mtsetse si nthano, zimachitika.

Dalaivala_Code14
Pa mabuleki ndilankhuleko ine amene ndimatsika nazo Chiweta. Lizani injini muone nthawi imene mpweya ukutenga kuti udzaze. Ukadzaza zimitsani, masulani handbrake matayala mutawaikira mapilo, pondani buleki mugwire mphindi imodzi mukuyang'ana geji. Muvi usamatsike. Mvetserani kulira kwa mpweya wothawa. Kokani kachingwe ka pansi pa matanki a mpweya: mukatuluka madzi ambiri, air dryer yafa, mukatuluka oyilo, compressor yatopa. Ndipo poyesa pamsewu yatsani Jake brake, buleki ya injini, mumve ngati ikugwira pa masitepe ake onse. Hosi yopanda Jake kapena retarder, chochepetsa liwiro osaponda buleki, ine sindikwera, ngakhale mundiwonjezere malipiro. Mabuleki a phazi okha pa phiri lalitali amapsa.

Mai_Transporter
Mwaona a Kanengo_Boy, dalaivala amene mumamunyoza uja ndi amene wapereka mfundo ya moyo.

Kanengo_Boy
Ndavomera. Koma dizilo abweze.

Tete_Run
Poyesa pamsewu musalole kuzungulira yadi ndi hosi yopanda kanthu. Hosi yopanda ngolo iliyonse imathamanga. Ngati n'kotheka ikoke ngolo yolemera, mukwere nayo kamtunda, muone geji ya kutentha ndi ya oyilo. Lowetsani magiya onse, apansi ndi apamwamba, muone ngati ina ikutuluka yokha mukachotsa phazi. Mukabwerako musachoke msanga, dikirani muone chimene chidonthe pansi. Injini yotsukidwa ndi mpope imaoneka youma mpaka itagwira ntchito.

Matayala awerengeni ngati ndalama. Hosi ya 6x4 ili ndi khumi. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Kutsogolo kusakhale ofufuta. Ena amakuonetsani thiraki ili ndi matayala abwino, tsiku lokatenga mupeza asintha. Ajambuleni limodzi ndi limodzi, mabatire omwe.

Clearing_Mwanza
Zitsulo mwazifotokoza bwino, koma ine amene ndimaona anthu akulira pa boda ndikuti yambani ndi mapepala. Thiraki ya ku South Africa ili ndi chikalata cha NaTIS, cha kalembera wa galimoto. Pamenepo pamalembedwa anthu awiri: title holder ndi owner. Ngati title holder ndi banki, ngongole sinathe, ndipo amene akukugulitsaniyo alibe mphamvu yogulitsa popanda kalata ya banki. Onaninso ngati inalembedwa kuti ndi yomangidwanso, imene amati Code 3, kutanthauza kuti inawonongekapo kwambiri.

Nambala ya chassis ili ndi zilembo ndi manambala 17. Iwerengeni pa chitsulo, pa kachikwangwani ka pa chitseko ndi pa pepala, zonse zifanane. Nambala ya injini chimodzimodzi. Ambiri amasintha injini osakalembetsa, ndiye apolisi akamayendera zimasiyana. Popanda chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yobedwa, musayembekeze kuti zikuyenderani pa Beitbridge, ndipo kuno a Interpol, a MRA ndi a Road Traffic adzachifunanso. Invoice ikhale ya mtengo weniweni. Anthu amapempha wogulitsa kuti alembe mtengo wotsika kuti msonkho uchepe, koma a MRA ali ndi njira yawo yowerengera mtengo wa galimoto, ndiye mumangodzipezera milandu. Pitani ku ofesi yawo musanagule, muwapatse chaka ndi mtundu wa hosiyo, akuuzeni zimene mudzalipire. Malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti, musadalire zimene mnzanu analipira zaka zapitazo.

Funsaninso za VAT ya kumeneko, ndi 15 peresenti. Mtengo umene mwauonawo ndi wophatikiza kapena ayi? Pa R430,000 kusiyana kwake ndi ndalama ya matayala angapo.

Zalewa_Turnoff
Za VAT sindinafunse n'komwe. Ndimufunsa lero.

Mai_Transporter
Ndipo ma rand muwapeza bwanji? Funso limeneli lisakhale lomaliza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndikudziwa anthu amene anali atalipira theka, theka linalo linawakanika, thiraki n'kutsalira pa yadi. Musapereke gawo musanadziwe kumene gawo lotsalalo lichokere.

Langizo langa lalikulu ndi ili. Ngati muli ndi ndalama yokwana hosi yokha, simunakonzeke. Pali msonkho, inshuwalansi, COF, ziphaso zodutsira m'maiko, dizilo wochokera ku Joni kudzera Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndalama za misewu m'maiko onsewo. Ikafika muisinthe oyilo yense, wa injini, giyabokisi ndi ma diff, masefa onse, malamba. Ndipo eni katundu ambiri salipira tsiku lomwelo, ena amatha mwezi kapena iwiri, pamene dalaivala ndi thanki sizidikira. Ngolo muli nayo kale?

Zalewa_Turnoff
Ngolo ndibwereka kwa mnzanga poyamba, ya ma axle atatu.

Madala_wa_N14
Lemberanani pa pepala za matayala a ngoloyo. Ubwenzi wambiri wathera pa tayala lophulika.

Chipata_Link
Moni a ku Malawi, ine ndili ku Chipata. Bwanji simukutchula za ku China? Kuno Howo, FAW ndi Shacman zadzaza. Ndalama imene mukuthira pa chitsulo cha zaka zoposa khumi mukhoza kuika ngati poyambira pa yatsopano yokhala ndi waranti.

Sipanala17
Yatsopano yochokera kwa dila, ndilibe nayo mawu, zipangizo zake zikupezeka ndipo n'zotsika mtengo. Chenjerani ndi zimene amati refurbished. Ndinatsegulapo ina, kabu yatsopano, mipando ikadali m'mapulasitiki, wotchi ikuwerenga makilomita ochepa, koma injini ndi ma diff zinali zotopa kotheratu, angozipaka penti. Pamenepo mulibe mbiri iliyonse yoti mufufuze.

Chipata_Link
Zimenezo ndaziona nanenso. Ine ndimanena ya kwa dila.

Kanengo_Boy
Chiwongoladzanja cha banki kuno mukuchidziwa inu a ku Chipata? Thiraki imagwirira ntchito banki, iwe n'kumangosunga makiyi.

Zalewa_Turnoff
Abale, ndabwera ndi lipoti. Dipoziti sindinatumize. Ndinakwera basi, ndili ku Joni, ndipo ndinapeza makaniko wa kwathu amene amagwira ntchito konkuno. Thirakiyo iliko ndithu, si yabodza, ndipo yadiyo ndi yeniyeni. Tinaipeza yozizira, inalira bwino, kautsi pang'ono basi. Chassis ilibe chigamba. Koma titalumikiza laputopu, maola ndi 31,200, ndipo makilomita a mu kompyuta ndi 1,390,000. Wogulitsa akuti dashibodi inasinthidwa ndi mwini wakale, iye samadziwa. Akuti injini inamasulidwa n'kumangidwanso chaka chatha, ndipo watsitsa mtengo kufika R380,000. Chitsekerero cha oyilo chikugwedera pang'ono koma sichikugwa. Nditani?

Kanengo_Boy
Thawani.

Madala_wa_N14
Musathamangire kuthawa. Makilomita 1,390,000 pa Cummins si imfa ngati inamangidwadi bwino. Ndaonapo injini zodutsa pamenepo zikugwirabe ntchito. Funso ndi lakuti anamanga ndani, anaikamo chiyani. Apereke malisiti: ma liner, ma piston, ma bearing, head anaitani, ma injector ndi turbo anasintha kapena ayi. Pa lisiti pakhale nambala ya injini yomweyo ndi dzina la galaja, muwaimbire eni galajayo.

Sipanala17
Masamu aja atuluka: 1,390,000 kugawa ndi 31,200 ndi pafupifupi 45 pa ola, ndiye kompyuta ikunena zoona. Ndikugwirizana ndi madala pa malisiti, koma ndiwonjeze kuti si injini yokha imene yayenda mtunda umenewo. Giyabokisi, ma diff, ma hub, chiwongolero, mawaya, zonse zayenda 1,390,000. Masulani mapulagi a ma diff ndi giyabokisi, ali ndi maginito. Utuchi wosalala wa chitsulo ndi wabwinobwino, tizidutswa togwirika ndi zala ayi. Ndipo mawu akuti inamangidwa ku yadi amatanthauza chilichonse, ena akasintha ma bearing okha amati amanga injini. Ngati inamangidwadi chaka chatha chitsekerero chija sichimayenera kugwedera.

Mai_Transporter
Ine vuto langa si makilomita, ndi munthuyo. Wogulitsa mathiraki amene sadziwa kulumikiza laputopu pa katundu wake? Wanama pa chimodzi chimene mwachigwira. Zimene simunazigwire ndi zingati? Mwaona NaTIS?

Zalewa_Turnoff
Anandionetsa fotokope. Title holder ndi kampani ina, osati iye, akuti akugulitsa m'malo mwawo. Malisiti a injini akuti awafunafuna.

Clearing_Mwanza
Fotokope ayi. Muone chikalata chenicheni ndi kalata ya kampaniyo yomulola kugulitsa, ndipo ndalama ipite ku akaunti ya dzina limene lili pa invoice. Zikapanda kutero chikalata cha apolisi chidzakuvutani, thiraki ili m'manja mwanu koma yosatuluka m'dzikomo.

Nyasa_Leeds
Scania ija ikadalipo, ndangodutsa.

Tete_Run
Ikhale komweko ndi AdBlue wake.

Zalewa_Turnoff
Malisiti sanapezeke, ndipo kalata ya kampani akuti bwana wake ali kunja. Ndaisiya. Makaniko uja wanditengera ku Germiston kumene kampani ina yonyamula katundu ikugulitsa hosi zake zakale yokha, popanda wapakati. Pali International 9800, Cummins yomweyo, 6x4. Penti yake yacha, mpando wa dalaivala wang'ambika, galasi lakutsogolo lili ndi mng'alu. Wotchi ikuti 1,120,000 ndipo kompyuta ikuti chimodzimodzi. Atipatsa faelo yonenepa ya ma service ndi lisiti la injini imene anamanga pa 900,000. Title holder ndi iwo eni. Mtengo ndi wokwererapo kuposa Argosy ija, ndipo matayala anayi akumbuyo ndi otha. Oyilo tatenga, tapereka ku labu, tikudikira zotsatira.

Welder_Biwi
Mwagona pansi?

Zalewa_Turnoff
Ndagona akulu. Chassis ili bwino, koma fifth wheel ikugogoda pang'ono ndipo thanki imodzi ya mpweya inatulutsa madzi.

Welder_Biwi
Fifth wheel ili ndi kiti yake yokonzera, gulani konko, kuno mudzaifuna ndi tochi. Muwauze achotse pa mtengo pamodzi ndi matayala anayiwo.

Dalaivala_Code14
Air dryer musinthe musananyamuke, ndi kasefa chabe. Jake mwaiyesa?

Zalewa_Turnoff
Mawa atilola kukoka ngolo yawo yolemera, tikaiyesa pamenepo. A Clearing_Mwanza, ndikutumizirani chithunzi cha NaTIS ku inbox kuti muyambe kundiwerengera za pa boda.

Clearing_Mwanza
Tumizani mbali zonse ziwiri, ndi chithunzi cha nambala ya injini pa chitsulo. Lolemba ndilowa ku ofesi ya MRA.